Wotchi ya Kudzanja Lamanzere

Bambo anga ndi munthu wamakani, ndipo ine ndinatengera konko, n'chifukwa chake kunyumba amanditcha Namakani. Shopu yokonza mawotchi imene ndikugwiramo lero inali yawo. Ndi iwo anandiphunzitsa kupanira kagalasi padiso, kugwira kambaniro osanjenjemera, ndi kuthira mafuta ochepetsetsa, moti dontho ukaliona ndi maso okha ndiye kuti wachulutsa.

Mawotchi amene timakonza si a batire ayi. Ndi aja odula, a mabwana, amene m'kati mwake muli kachitsulo kolemera kozungulira. Dzanja likamayenda, kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i. Ukaivula n'kuisiya patebulo, mkuja uipeza yaima. Bambo ankakonda kuuza makasitomala kuti, "Iyi imadya thukuta la mwini wake. Waulesi asagule."

Ndiye sitiroko inawagwira n'kuwasiyira dzanja lamanzere lili lende. Wotchi yawo, imene anapatsidwa ndi abwana omwe anawaphunzitsa ntchito, amavala kumanzere komweko. Tinawachonderera kuti aisamutsire kumanja, anakana. Tinati basi tiziikunga ndi kabatani ka m'mbali, anakananso.

"Idzayenda dzanjali likadzayenda," anatero.

Inkaima ndithu. Ikaima, bambo ankangoti zii pampando, mafizo amene anawauza kuchipatala osachita. Ine mantha anga anali amenewo, kuti atataya mtima, dzanjalo liuma mpaka kalekale.

Tsiku lina anaitumiza ku shopu, ati mafuta auma. Ndinapsa mtima, chifukwa sevisi ndinali nditaichita ndekha chaka chomwecho. Komabe ndinaimasula yonse, kachitsulo ndi kachitsulo, kutsuka, kuumitsa, kuthira mafuta atsopano, mpaka kusintha kalabala kotchinga madzi. Nditaiika pa makina omvera kugunda kwake, inali bwinobwino. Vuto silinali m'wotchi, tonse tinkadziwa, koma wolimba mtima kunena panalibe.

Kenaka inangosiya kuima. M'mawa bambo akaiyang'ana, ikuyenda. Madzulo, ikuyenda. Munthu uja anasintha, ee. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakafufuza okha kunsi kwa bedi. Pachitseko anamangirira chingwe n'kumakoka dzanja lodwalalo uku akuimba nyimbo zachikale, mawu awo oipa ngati geti la dzimbiri. Ine ndinkayenda modzimva, ndikuti sevisi yanga yagwira ntchito.

Mng'ono wanga atachira mwana wake woyamba, amayi anakonzeka kupita kukamuthandiza. Chikwama chili kale pakhomo, anandikokera kukhitchini.

"Namakani, pali ntchito ndikusiyire. Bambo ako akamalowa kubafa amasiya wotchi pashelefu. Uziitenga, uziigwedeza ndithu mpaka mkono uwawe."

"Amayi, ndiye ndinu?"

"Tsitsa mawu. Ukufuna abwerere pampando paja?"

Ndinaseka, kenaka ndinakwiya, kenaka ndinavomera. Nanga ndikanatani?

Koma m'mawa mwake bambo analowa kubafa wotchi ili padzanja. Ndinagogoda.

"Ababa, mwaiwala kuvula wotchi. Inyowa."

"Si unasintha kalabala wekha? Kapena ntchito yako suikhulupirira?"

Madzulo ndinayesa njira ina, ndinati bweretsani ndipukute lamba. Ati lamba ndi woyera. Ndinati ndiione ngati ikusunga nthawi. Anandionetsera patali ngati mwana wokaniza switi. Ku shopu ntchito sinkayenda, ndinagwetsa kasikuluwu pansi n'kukafufuza chokwawa mpaka kasitomala anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinkadziwa kuti mphamvu imene amayi anasiya m'sipuling'i ikutha, ndipo ikatha tiona zakuda.

Mkuja unafika, wotchi ikuyenda. Sabata inatha, ikuyendabe. Apa makani anga anadzuka. Ndinawapeza pakhonde akukoka chingwe chawo chija.

"Ababa, musandipusitse. Mukumaikunga ndi kabatani."

"Ukunena ine?"

"Inu nomwe. Dzanja lamanja muli nalo."

"Katenge kagalasi kako."

Ndinakatenga, ndinagwada pambali pawo n'kusuzumira. Pamene kabatani kamakumana ndi thupi la wotchi panali kadontho kofiira ka utoto wa zikhadabo wa amayi. Ndi mmene timachitira ku shopu: tikamanga sikuluwu timaidontheza utoto, kuti wina akaigwira tidziwe. Kadonthoko kanali kouma, kosasweka ngakhale pang'ono.

"Ndinapaka tsiku limene amayi ako ananyamuka," anatero bambo.

"Ndiye mumadziwa?"

"Iwe, zibangili za amayi ako zija zimamveka mpaka kubafa. Mkazi wanga akuvina ndi wotchi yanga m'mawa uliwonse, ine ndimuletse? Ndinkangotsegula madzi kwambiri kuti asamve ndikuseka." Anayang'ana wotchi ija. "Koma ndinkafuna kudziwa zoona zake. Ndinati akangochoka, tione ngati dzanjali lingaidyetse lokha."

Anasiya chingwe chija. Dzanja lamanja analiika kumbuyo kuti ndione kuti silikuthandiza. Kenaka lamanzere lija linayamba kunyamuka pabondo, pang'onopang'ono, likunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi. Linadutsa pachifuwa panga, linafika paphewa, mpaka wotchi inagunda khutu langa. Ndinaimva ikugunda, ndipo zala zawo zinali zofunda patsaya langa.

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndi chimwemwe, kagalasi kakadali m'manja, mamina ali mbwee ngati mwana.

"Basi, basi, unyowetsa lamba," anatero bambo, nawonso maso ali ofiira. "Komanso ikuthamanga pang'ono. Sevisi yako ija."

"Sevisi yanga ilibe vuto."

"Tikaionera limodzi ku shopu. Undikonzere mpando wanga."

Ndinatulutsa foni kuti ndiimbire amayi, koma anandigwira mkono, ndi dzanja lomwelo lamanzere.

"Uwauze kuti ikuyenda, zinazo usawauze. Akabwera ndiziisiyanso pashelefu. Kuvina kuja ndakusowa."