Darla ndi Womuwakhira Mpira

Darla Whitsett anafika pa koleji ina yaing'ono ku Oklahoma ali ndi mkono wamphamvu koma wosamva. Akazungulitsa dzanja n'kuponya mpira wa sofutibo, unkachita kulira mumphepo, koma kokagwera ankadziwa ndi Mulungu yekha. Atsikana onse ankaopa kumuwakhira, kupatula Renae Pickard, wamfupi, wapakamwa. Renae ankanjuta kumbuyo kwa womenya mpira ndi ndodo n'kumamuseka Darla kuti ngakhale agogo ake angaponye bwino atatsinzina. Darla akapsa mtima, mpira unkawongoka. Pofika chaka chawo chomaliza, matimu a m'chigawocho ankadandaula akamva kuti akumana nawo.

Phewa la Darla litavulala, madokotala anamuuza kuti zoponya aiwale. Koleji ija inamupatsa ntchito yophunzitsa timu, iye n'kukana kuyamba mpaka kolejiyo italembanso ntchito Renae kuti azimuthandiza. Anagwira limodzi zaka zambiri. Darla ankakalipa, Renae n'kumabwera pambuyo kudzapukuta ana misozi ndi kuwagulira nkhuku yokazinga pochokera kumasewero.

Kenaka Renae anayamba kuwonda. Kuchipatala anamupeza ndi khansa itafalikira kale. Chaka chomwecho timu inafika m'ndime yomaliza ya mpikisano ku Texas, ndipo Darla anati sapita.

"Ukhale pano uzingondiyang'ana ngati ng'ombe?" anatero Renae ali pabedi, mawu akuvuta kutuluka. "Pita iwe. Koma Shelby usakamukalipire. Ukakuwa, mwana uja amanjenjemera."

Shelby anali woponya wawo, wa chaka choyamba. Pa masewero a ku Texas aja anayamba bwino, koma chakumapeto mpira unayamba kumupulumuka, adani n'kumangopeza zigoli. Darla anapita pakati pa bwalo. Sanakalipe, koma anapezanso kuti mawu ofewa alibe, chifukwa zaka zonsezo ankawanena ndi Renae. Anangomugwira mtsikanayo paphewa n'kubwerera. Timu yawo inagonja.

Basi ya timuyo ili m'njira yobwerera, Dwight, mwamuna wa Renae, anaimba foni. Anati Renae wapita masana omwewo, ndipo asanatsirizike anafunsa ngati masewero atha.

"Munamuuza kuti chiyani?" anafunsa Darla.

"Ndinati mukadali kusewera."

Darla anapempha dalaivala kuti aime pamalo omwetsera mafuta. Anatsika, nayenda mpaka kumpanda, n'kuima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana minda ya tirigu. Atakweranso anawauza atsikana a timu za imfayo ataimirira, osagwetsa msozi. Amene analira ndi atsikanawo, iye n'kumayenda mpando ndi mpando kuwatonthoza.

Darla anaphunzitsabe zaka zingapo, ndipo timu inkapambana ndithu. Koma anasiya kukalipa, anasiyanso kuseka. Koleji itamupezera womuthandiza wina, ankamulemekeza koma osamuzolowera. Chilimwe china anabweza makiyi a bwalo, nasamukira kwa mchemwali wake ku Kansas, kumene anakagwira ntchito m'sitolo ya mbewu.