Batani Lobiriwira

Zala za akalipentala zinauma kalekale ndi guluu ndi sandipepa, moti foni yagalasi imene mwana wawo wamkazi anawagulira sinkazimva. Ikalira, ankaidinikiza ngati akukhoma msomali, iyo n'kungoti zii. Ndiye woimbayo anali mzime wawo, yemwe anachoka pakhomo atakangana nawo pa zogulitsa shedi ya matabwa. Anaimba, anaimbanso, kenako analeka. Mlongo wake atamufotokozera za zalazo, iye anati, "Usawaikire kumbuyo, mdala akundidulira dala."

Akalipentala anamusowa mwanayo koopsa. Koma kupempha munthu kuti awaimbire mwana wawo yemwe? Manyazi ake osaneneka.

Tsiku lina analawirira ku shopu ya mafoni, mwana wamkazi uja ali pambuyo.

"Ababa, yabwinobwino muli nayo kale. Mungoiphunzira."

"Ndaphunzira mokwana. Ndikufuna ya mabatani."

Wogulitsa, mtsikana wa zikhadabo zitalizitali, anayala mafoni pakauntala n'kuyamba kutamanda makamera. Za makamerazo akalipentala analibe nazo ntchito. Ankatola imodziimodzi, kutsinzina, n'kuisisita ndi chala chachikulu monga ankayesera thabwa akalipala. Iyi yoterera. Iyi timabatani ngati mpunga. Potsiriza anapeza yakuda, yonenepa, yosaoneka bwino n'komwe, koma ya batani lobiriwira lotumphuka.

"Tandiimbirani," anatero atalowetsamo simu yawo.

Inalira mpaka mlonda wapakhomo anacheuka. Anadina kamodzi kokha. "Halo," anatero mtsikanayo ali pamaso pawo pomwepo, mawu ake n'kumvekanso kukhutu. Akalipentala anaseka, misozi ili lengelenge.

Mwana wamkazi anaika nambala ya mlongo wake pa batani la wani. "Mukadina apa osachotsa chala, ipita kwa iyeyo."

Sanadikire zokafika kunyumba. Anakhala pabenchi panja pa shopu, nadina ndi mphamvu zawo zija. Inaitana, inaitana, kenako inadulidwa.

"Wandidulira," anatero motsitsa.

"Mwina ali pa ntchito, ababa. Ikani m'thumba tizipita."

Anaimirira, koma m'thumba sanaike. Anaifumbata, chala chachikulu chili pa batani lobiriwira.

"Ababa, muigwetsa m'basi."

"Isiye. Akaimba, andipeze chala chili pomwepa."