Kugwa kwa Bambo Rennie

Ndapile anali atangogwira ntchito masiku atatu kunyumba yosamalira okalamba ku Govan, kudziko la azungu, pomwe Bambo Rennie, mmodzi wa okalambawo, anagwa. Ankadzuka pampando kuti alandire tiyi, mwendo unakola ndodo yawo, n'kupidiguka pakapeti, chipewa chikugubuduzika mpaka kunsi kwa tebulo.

Mtima wa Ndapile unangoti myuu. Munthu wa zaka 86! Anagwada pambali pawo.

"A Kettie! Bwerani msanga!"

Kettie, nesi wamkulu yemwenso anali Mmalawi, analowa osathamanga. Anangopukusa mutu.

"Ayambanso? Dzukani a Rennie, mnzangayu afa ndi mantha."

Bambo Rennie anatsegula diso limodzi, n'kuyamba kuseka.

Kettie anafotokoza kuti bambo owabereka a Rennie anali katswiri wa nthabwala m'mafilimu akale opanda mawu aja. Poyamba ankakhoma zitsulo kopangira sitima zapamadzi, kenako anatchuka chifukwa chodziwa kugwa moseketsa. Mafilimu olankhula atabwera anthu anawaiwala, koma luso logwa osavulala anamusiyira mwana wawo.

"Wantchito watsopano aliyense amamulandira chonchi," anatero Kettie.

Ndapile sanakhulupirire msanga. Anawagwira m'chiuno, m'mawondo ndi m'zigongono, koma panalibe popweteka. Apo m'pamene anapumira m'mwamba, n'kukhala pansi pomwepo, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Ndili mnyamata ndinkagwa pamasitepe, kuyambira pamwamba mpaka pansi," anatero Bambo Rennie monyadira.

"Musayerekeze n'komwe," anawadula Kettie, akuwadzutsa.