Madzi Osamba a Jafeti

Nsomba za Dunstan zinkamuwawa Jafeti, inde, koma chomwe chinkamudya mtima kwenikweni chinali ndowa ya mkazi wake. M'mawa uliwonse Getrude ankanyamula ndowa ija n'kulambalala dooko la mwamuna wake, lomwe linali kuseri kwa nyumba pomwepa, ulendo wokatunga madzi padooko la Dunstan. Dunstan yemweyo amene anamufunsirapo Getrude ali mtsikana!

Madooko awiriwa anali pakhwawa limodzi lochokera kuminda ya mpunga ya ku Likangala kukathira m'nyanja ya Chilwa. Jafeti anali atasenga njedza ndi bango zonse zapamalo pake n'kubzala mpunga mpaka m'mphepete mwa madzi. Dunstan, kumunsi kwake, anazisiya zili thithithi. Madzi amatope ndi feteleza ankalowa m'njedzamo ali ofiira n'kutulukira kwa Dunstan ali mbee, ndipo nsomba za makumba zinkaswana m'mizumo mpaka miono yake kudzaza.

"Mayi a Tiyamike, kodi madzi apathu pano ali ndi minga?" Jafeti anafunsa tsiku lina.

"Akwa a Dunstan ndi oyera, bambo. Njedza zija zimasefa."

"A Dunstan, a Dunstan! Dzina limeneli silichoka pakamwa panu."

Getrude anangosenza ndowa yake n'kumapita.

Zimasefa! Udzu wachabechabe n'kusefa madzi? Jafeti anati ameneyo ndi mkute wa chibwenzi chakale basi, njedzazo ndi pobisalira. Nsanje, abale, ndi matenda oipa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake ankaima pachulu kumasuzumira ngati ndowa ikuchedwa kubwera.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Dunstan anawolokera ku chilumba cha Chisi kumaliro. Nyengo imeneyo anthu amatentha madambo, ndiye ndani akanafunsa? Jafeti anakhwatcha machesi. Njedza zouma zija zinalilima mpaka bii. Mtima sunakhutirebe. Anatenga khasu n'kukumba ngalande pakati pa phulusalo kuti madzi akuminda azingodutsa osapuma. Tione ngati akapitenso, anatero mumtima.

Mvula yoyamba inagwa njedza zisanaphukire. Matope onse akumtunda anakhuthukira padooko la Dunstan. Posakhalitsa madzi anachita ndere, kubiriwira, kuyamba kununkha, ndipo makumba anayandama mimba zili m'mwamba. Dunstan sanakangane ndi munthu. Anazula miono yake, kuikweza m'bwato, n'kusamukira kwa abale ake ku Chisi.

Tsiku limenelo Jafeti anaweruka kumunda akuimba mluzu.

"Madzi ali kubafa, bambo," anatero Getrude monga mwa masiku onse.

Jafeti analowa, kuvula malaya, n'kuwerama pabeseni. Fungo linamuwomba kumaso. Madziwo anali obiriwira, tinsenga ta ndere tikuyandama pamwamba.

"Mayi a Tiyamike! N'chiyani chimenechi?"

Getrude anabwera n'kuima pakhomo pa bafa.

"Ndi madzi apadooko panu. Mwaiwala chaka chija munatuluka zidzolo thupi lonse, mukudzikanda mpaka magazi? Apamjigo ndi amchere, munawakana nokha kuti sopo sachita thovu. Ndiye ndinkayenda mtunda wonse uja chifukwa cha khungu lanulo."

"Nanga inuyo mumasamba ati?"

Getrude anapinda mkono wa bulauzi. Kuyambira pachigongono mpaka paphewa panali zipsera zakuda zokhazokha. Ndowa inali imodzi, ndipo yonse inkathera pa mwamuna wake. Jafeti anali asanazione zipserazo. Maso ake ankakhala pa ndowa.

Manyazi anamugwira Jafeti.

"Khasu lanu ndinalitsuka, linali ndi phulusa," anatero Getrude akutsitsa mkono wa bulauzi. "Sambani, angazizire."