Zitsulo za Pawindo

Malemu amuna anga anali owotcherera zitsulo, ndipo ntchito yawo inali yosachita mwamasewera. Windo lililonse la nyumba yathu analitchinga ndi zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu, ngakhale kawindo ka kubafa komwe mphaka sangalowerepo. Ankadzitama kuti wakuba wofuna kulowa muno adzayambe watsanzika kwawo.

Atamwalira, mwana wanga wachisamba anayamba nyimbo yoti tigulitse nyumbayi ndikakhale kwa iye. Mpongozi wanga si woipa, koma ndi uja amakutsata ndi kansalu kupukuta pamene waika kapu. Ndinakanitsitsa. Ndinati ndidzisamala ndekha, chipinda chakumsewu chikungokhala, ndizilandiramo alendo olipira. Mwanayo anandipatsa miyezi itatu kuti ndionetse chilolezo cholandirira alendo, apo ayi nyumba ipite.

Ndinapenta, kugula matiresi, kupachika kagalasi, ndikuyesa kuti basi zatheka. Ku ofesi ya ziphaso anati chilolezo sichituluka popanda inshuwalansi. A inshuwalansi anati salemba kanthu asanaone kalata ya woyendera nyumba. Ndinayenda mpaka nsapato kutha chidendene.

Woyenderayo atabwera, bambo wa kamimba ndi tepi yake yoyezera, anagwedeza zitsulo zija n'kufunsa kuti moto utabuka mukolido mlendo angatulukire pati. Anati zichoke. Ndinathamangira kwa mtsikana wa inshuwalansi, iye n'kundiuza kuti windo loyang'ana kumsewu likakhala lopanda zitsulo, iwo pepala sapereka. Ndinamupempha kuti andisankhire chimodzi, mlendo apse kapena aberedwe. Anangomwetulira n'kuloza kompyuta, ati ndi imene ikukana. Ndinatuluka misozi ili m'maso.

Ndinaitana mnzawo wa malemu, nayenso wowotcherera, kuti aike zitsulo zotsekuka ngati chitseko. Anagogoda khoma, kukanda pang'ono, n'kuyamba kuseka. Ati mnzake uja sankachita zomangira pamwamba ngati anthu ena, zitsulo anazimiza mkati mwa konkire nyumba ikumangidwa. Kuti zichoke m'pofunika kugumula khoma, ndipo kugumula khoma loyang'ana kumsewu kumafuna chilolezo chinanso, chomwe chimatenga theka la chaka. Ine ndinali nditatsala ndi masabata atatu.

Ndinabwereranso kwa woyendera uja kukamuchonderera. Anabwera monyinyirika. Tikudutsa mukolido, anasuzumira kuchipinda kwanga, poti chitseko chinali chosatseka, n'kuima. Chipindacho chili ndi khomo lake lotulukira kuseri. Malemu analiboola kuti azipita kukagwira ntchito m'mamawa osadzutsa ana. Bamboyo analowa osapempha, kuyeza khomolo, kulitsekula, kulitseka, nkhope yonse kuwala.

"Chipinda cha alendo ndi ichi, mayi. Zitsulo zikhale, potulukira palipo. A inshuwalansi sakana."

"Muno ndimo ndimagona ine. Zaka makumi atatu."

"Inuyo musamukire m'chinacho."

"Chomwe mwati munthu angapseremo chija?"

"Malamulo athu ndi a alendo, mayi. Mwini nyumba atha kugona paliponse."

Sankanena mwachipongwe ayi, ankaona ngati akundithandiza, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Ndinaganiza za kansalu ka mpongozi wanga, ndinaganiza za anthu achilendo akukambirana mtengo wa nyumba yanga pabwalo. Ndinapempha cholembera.

Mapepala onse anatuluka m'sabata imodzi, ngati sanavutepo. Ndinasamutsa zovala, zithunzi ndi Baibulo langa. Bedi linakana kutuluka, poti nalo malemu analiwotcherera momwemo, ndiye linatsalira alendo. Mwana wanga anaimba foni kundiyamikira kuti ndine mayi wolimba mtima. Ndinangoti zikomo.

Mlendo woyamba anali mayi wina wobwera kumsonkhano wa aphunzitsi, waulemu wake ndithu. M'mawa mwake ndinatenga nsalu zochapa kuti ndikamuyalire. Dzanja linafika pachogwirira chitseko mwachizolowezi, kenaka ndinakumbuka. Ndinalibweza, n'kugogoda.

"Dikirani kaye panja pomwepo," anayankha ali mkati.

Ndinadikira.