Filiji Yosungiramo Nsalu

Dailes ankachapa zovala kuseri kwa nyumba pamene amake Abdallah, oyandikana nawo, anatulukira akupuma mwawefuwefu.

"Asisi, mwanayu sanafike kuno? Anzake akuti ankasewera chibisalirano, ndiye iye sakupezeka."

Abdallah anali ndi zaka zinayi. Ku Senga Bay mwana akasowa, maganizo a aliyense amathamangira kunyanja, ndipo tsikulo kunali mphepo ya mwera. Dailes anasiya sopo m'beseni n'kutsatira anthu kugombe, akupemphera chamumtima. Banjali linali labwino kwa iye. Bambo a mwanayo akabwera kokapha nsomba, amake sankalephera kumupatsira kambale ka usipa pampanda.

Dailes anali telala. Chaka chimenecho anasandutsa chipinda china cha nyumba yake kukhala mosokera, ndipo zonse za m'menemo anagula zogwiritsidwa kale ntchito: makina opalasa ndi phazi, galasi lalitali, mpando wa mlaza. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali filiji yakalekale yakufa, imene anagula pa loji ina itatsekedwa. Inali ndi chogwirira chonyezimira chimene chinkadzikhoma chokha chitseko chikatsekeka. Anachotsamo mashelefu n'kumasungamo nsalu za makasitomala.

"Imeneyi ndi sefa ngati yosungiramo ndalama ija, mayi," anatero Robert, amene anamugulitsa. "Khoswe salowa, chinyezi sichilowa. Ngakhale mpweya ugogoda kaye!"

Koma a Monica, namwino wokhala m'dera lomwelo, atabwera kudzayeza diresi anaima nthawi yaitali akuiyang'ana.

"Chokhomera ichi muchotse, Dailes. Chimatseguka kunja kokha. Ana amalowa paliponse."

"Ndichotsa, anesi," anayankha. Koma sanachotse, poti makasitomala ankakonda kujambulitsa pafilijipo.

Kugombe amuna anali atakankhira kale mabwato m'madzi. Mafunde ankamenya mwaukali. Amake Abdallah ankayenda uku ndi uku akuitana dzina la mwana wawo mpaka mawu anasasa. "Ya Allah, ndisungireni mwana wanga!"

A Monica, pochokera kuntchito, anaona chikhamucho n'kutsika panjinga yamoto. Atamva nkhaniyo anafunsa ngati pali amene anamuona mwanayo akupita kumadzi. Panalibe.

"Mwana wa chibisalirano safuna nyanja, amafuna pobisala. M'nyumba mwayang'anamo?" Kenako anatembenukira Dailes. "Chipinda chosokera chija mwakhoma?"

Apo Dailes anakumbukira. M'mawa uja anali atatulutsa nsalu zonse kuti zipitidwe mphepo. Filiji anaisiya yopanda kanthu, yotsegula, ndipo chitseko cha chipindacho chinali pululu.

Anathamangira kunyumba kwake, a Monica ndi anthu ena akumutsatira. M'chipindamo munali zii. Filiji inali yotseka, ndipo pansi pake panali kapatapata kamodzi kakang'ono.

A Monica anakoka chogwiriracho. Abdallah anali atadzipinda, thukuta lili thupi lonse, milomo itada. Sanayankhe atamuitana. Namwinoyo anamugoneka pansi, n'kuika khutu pamphuno pake.

"Patukani pakhomo, mpweya ulowe!"

Anamuuzira mpweya m'kamwa, akuyang'ana chifuwa. Amake anagwada pakhomo. Patapita kanthawi mwanayo anatsokomola, n'kuyamba kulira motsitsa.

"Alhamdulillah," ananong'ona amake.

"Tisasangalale msanga," anatero a Monica akumukulunga m'chitenje. "Sitikudziwa kuti wakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndipo mutu wa mwana ukasowa mpweya umatha kuvulala. Tikupita kuchipatala pompano." Anayang'ana anthu amene anadzaza pawindo. "Kugula zakale si kulakwa. Koma filiji, bokosi kapena kabati yodzikhoma yokha, chotsani chokhomera isanalowe m'nyumba. Mwana akakhala m'katimo, ngakhale akuwe simungamumve."

Wa njinga yamoto amene anabweretsa a Monica uja analiza injini. Amake Abdallah anali atakwera kale, mwana ali pachifuwa, pamene Dailes anafika n'kugwada pamchenga, anthu onse akuona.

"Amake Abdallah, anesi anandichenjeza kalekale, ine ndinakonda kukongola kwa chinthu. Mwana wanu sanalakwe, wolakwa ndine. Pamaso pa Mulungu ndi pa anthu awa, ndikhululukireni."

Phunziro: Chinthu chakale chisanalowe m'nyumba, tiyambe tadzifunsa zimene chingachite kwa mwana akatsala nacho yekha.