Nyumba ya Zithunzi Zokhazokha

"Chotsani dzanja pamausipo, amayi!"

Mphunzitsi anamenya tebulo mpaka supuni inalira m'kapu. Mawu a m'kompyuta, amene ankamuwerengera zolembedwa pasikilini chichokereni maso ake, anali atadukanso pakati pa chiganizo. Mkazi wake akangokhudza mausi, mawuwo ankalumpha n'kukayambira pena.

"Ndangotsitsa pang'ono kuti ndione khitchini," anatero mkaziyo. "Taonani mawindo akewo!"

"Ndione ndi chiyani? Ndi chigongono?"

Eni nyumba imene ankachita lendi anali ataigulitsa, ndipo anawauza kuti mwezi ukamatha akhale atatuluka. Makatoni anali kale mbwee pabalaza. Masana a Loweruka limenelo awiriwa anakhala pampando umodzi kufunafuna nyumba ina pa intaneti, wina ndi makutu, wina ndi maso.

Mphunzitsi anadina mabatani n'kubwerera pamwamba pa tsambalo. Mawu aja anayambanso kuthamanga: zipinda ziwiri, madzi alipo, mpanda ulipo.

"Koma mkazi mnzangayu amalongolola," anadandaula mkaziyo, poti ndi mmene ankaitchulira pulogalamuyo. "Amayankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Ine sindikumvapo kanthu."

"Ine ndikumva. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Tidekhe mpaka katundu atiponyere panja? Nyumba iyi ndi yabwino, tiyimbe foni basi."

"Yabwino pati? Mwawerenga pansipo? Akuti ili kuseri kwa msewu waukulu, siteji ya basi ili tsidya linalo. Chikomekome cha mkuyu! Msewu wa malole umenewo ndiziwoloka bwanji ndi ndodo m'mawa uliwonse?"

"Ndizikuwolotsani."

Mawu amenewo ndi amene anamubaya. Kuno ankatuluka yekha, kukhota pagolosale, kukwera basi mpaka kusukulu kumene ankaphunzitsa nyimbo, popanda womugwira dzanja. Njira imeneyo anaiphunzira ndi mabala a m'miyendo.

"Muzindiwolotsa? Makina osokera muziwasiyira ndani? Tsiku limene mwadwala, ine ndijombe? Mukufuna khitchini yokongola, mwamuna wanu asanduke katundu wonyamula!"

"Musandinyoze, abambo! Zaka zonsezi ndaphikira m'kakhitchini kongati bafa, ndinadandaulapo?"

Dzanja lake linapitanso pamausi, mawu aja n'kudukanso. Mphunzitsi anapapasa m'mphepete mwa sikilini, napeza batani, n'kuithimitsa.

"Mwatani? Kwada bii!"

"Takulandirani kwathu. Tsopano tonse timvetsere."

Mkaziyo anaimirira mpando n'kugwedezeka. "Chabwino. Ipezeni nokha ndi mkazi wanu wachiwiriyo. Akuphikiraninso yemweyo." Anapita kuchipinda, chitseko n'kuchimenyetsa.

Mphunzitsi anapitiriza yekha. Popanda womusokoneza ankauluka: mutu ndi mutu, tsamba ndi tsamba. Posakhalitsa anaipeza. Zipinda ziwiri, yapansi yopanda masitepe, siteji ya basi pakhomo penipeni. Anatsikira m'munsi kuti amve zambiri.

"Chithunzi," anatero mawu aja. "Chithunzi. Chithunzi. Chithunzi."

Amene anaika nyumbayo sanalembepo ngakhale liwu limodzi lofotokoza. Kaya denga linali lodontha, kaya pakhomo panali dzenje, zonse zinali m'zithunzimo. Anadina pofuna nambala ya foni ya mwini wake. Tsambalo linamuuza kuti atsimikize kaye kuti ndi munthu, posankha zithunzi zonse zimene muli njinga. Anafunafuna batani lomvetsera m'malo moona, koma panalibe.

"Ndine munthu, agalu inu!" anakuwa. "Ndine munthu!"

Manja anali akadali pamabatani. Kuitana mkazi wake sanafune. Kenako anamva fungo la mafuta a makina osokera kumbuyo kwake, ndipo anadziwa kuti mkazi wake waima pakhomo, kaya kuyambira liti.

"Yatsani," anatero mkaziyo, mawu ali ouma.

Mphunzitsi anayatsa sikilini. Koma asanasunthe kuti ampatse malo, anazula mausi n'kuiika m'thumba la malaya.

"Woyendetsa ndine. Inu mundiuze zimene zili m'zithunzimo. Zonse, osati mawindo okha."

Mkaziyo anakhala pansi, napinda manja pachifuwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kuchokera pakhomo mpaka pageti ndi simenti yosalala. Palibe dzenje. Siteji ikuoneka, ili mbali yomweyo." Anapuma mozama. "Khitchini yake ndi yaing'ono kuposa yathuyi."

Mphunzitsi anayamba kupepesa, koma mkaziyo anamudula.

"Musandipepese, simunayambe mwaphikamo," anatero mkaziyo. "Pitani pa njingazo. Yoyamba ili pamwamba, kumanzere. Dinani."